Kathumba Kamene Ndinalukira Amuna Anga

1

Dzina langa ndi Eliness. Ngati munakhalako ku Chilomoni zaka zapitazi, kumtunda kwa Nthukwa kuja, mwina mwana wanu anavalapo kachipewa kochokera m'manja mwangamu. Sindikudzichemerera ayi, ndi mphatso chabe. Ndimagula majuzi otopa pa kaunjika, n'kuwamasula, ulusi wake n'kuuchapa, kenako n'kulukira makanda zipewa, masokosi ndi mashawelo. Singano zanga ndi masipoko a njinga onola pamwala. Ndipo ndili ndi matenda amodzi amene amuna anga ankandiseka nawo: sinditaya kanthu. Batani lothothoka, kamkanda kotola panjira, zonse zimalowa m'chitini changa, ndipo tsiku lina zimapeza ntchito.

Tinkakhala pa puloti ya apongozi anga, mayi Januario, nyumba yawo kutsogolo, yathu kumbuyo. M'nyumba mwathu tinalimo atatu: ine, amuna anga a Everson, ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, Thandie, wa zaka zisanu. A Everson ankawotcherera mageti pa shedi ina kumsika, komanso anali mkulu wa mpingo. Munthu wa jekete, wa mawu ofatsa, woti akayamba pemphero amayi ena misozi mbwee. Anthu ankati ndinachita mwayi. Sankadziwa kuti chaka chonse chimenecho bamboyo ankandidutsa m'nyumba ngati akudutsa mpando.

Lamulungu lina masana, chiperoni chitakuta phiri la Michiru, anatseka chitseko n'kudzakhala pafupi nane.

"Mayi a Thandie, ndikufuna mundilukire kathumba."

"Ka foni?"

Anatambasula dzanja. Munali madayisi atatu, achikasu ngati mano a nkhalamba, osema ku fupa, timadontho take towotcha ndi msomali wamoto. Limodzi linali lobenthuka pangodya.

"Ndiye zimene zimalira m'thumba mwanumo ndi zimenezi?" ndinafunsa, poti masiku amenewo akamayenda ndinkamva kaphokoso kouma, ko, ko, ko.

"Timasewera ludo ndi anzanga pa lanchi. Si juga ayi, n'kungotayitsa nthawi. Koma pakamwa pa anthu mukupadziwa. Mkulu wa mpingo kumupeza ndi madayisi, udindo wathera pomwepo. Kathumbako kakhale kakang'ono, kofumbatika, ka ulusi wakuda, mizere yofiira, ndi kachingwe kokoka pakamwa. Lobenthukali mukaliponye m'chimbudzi, latha ntchito."

Awiri abwinowo anabweza m'thumba. Kenako anandigwira dzanja.

"Musauze munthu kuti n'ka chiyani. Ngakhale amayi. Makamaka amayi."

Abale, ndinasangalala. Ndinene zoona, ndinasangalala ngati mtsikana wofunsiridwa kumene. Mwamuna amene anasiya kundiuza ngakhale kumene akupita, lero wandisungitsa chinsinsi chake. Ndinati basi, banja labwerera.

2

"Muzilukira pakhonde," anatero m'mawa mwake akupita ku ntchito. "M'nyumba muno muli mdima, mungaphe maso."

Ndinati taonani chikondi. Khonde lathulo linayang'anizana ndi mpopi umene amayi a mbali yonseyo ankatungapo madzi, ndiye ndinakhala pamenepo ndi ulusi wanga wakuda, dziko lonse likundiona.

Kathumba ka madayisi kali ndi kalukidwe kake. Umaluka mothina kuti dayisi lisapeze potulukira. Chakumtunda umasiya mzere wa timabowo, n'kupota kachingwe, n'kukayendetsa m'timabowomo, ndipo kumapeto kwake umalukira kampira kolimba kuti chingwecho chisasololoke. Ntchito yochepa, koma ine ndinaiika mtima wonse.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala Tiyanjane, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Amuna ake anali ku Joni, iye anali woyembekezera, ndipo m'dengu mwanga munali shawelo yoyera imene ndinkalukira mwana wakeyo. Apongozi anga atayamba kutupa miyendo, Tiyanjane ndi amene ankandithandiza kuwasambitsa, ndipo kuwameta ndi kuwawenga zikhadabo inali ntchito yake. Ndinkamutcha mchemwali.

Tsiku limenelo anatsitsa ndowa yake pampopi n'kufuula, ngati ndili kutsidya kwa mtsinje.

"Eli, mukuluka chiyani chakudacho? Mwana wa ndani angavale zimenezo?"

"Si chovala," ndinayankha.

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi zanga."

"Kakuda, mizere yofiira, kakang'ono chonchi. Tiuzeni, ife tonse pano ndife akuluakulu."

"Ndati ndi zanga, Tiya. Tunga madzi uzipita."

Ndinaseka, koma pampopi palibe amene anaseka nane. Madzi anasefukira m'ndowa ya mayi wina, iye maso ali pa manja anga.

Apongozi anali atakhala pamkeka kuwothera dzuwa, miyendo atasanjika pa pilo.

"Mayi a Thandie, anzanu akufunsa. N'chiyani chimenecho?"

"Palibe, amayi. Ndikungoyesa kalukidwe katsopano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Pa zaka zonse zimene ndinakhala pakhomo pawo ndinali ndisanawanamizepo, ndipo ndikhulupirira anamva kuti mawuwo atuluka mokhota.

Nditamaliza, a Everson anakafumbata, n'kukaika m'thumba la jekete. "Mwachita bwino," anatero. Koma masiku otsatira kaphokoso kaja sikanasiye. Akamadutsa, ko, ko, ko.

"Bwanji simukuika m'kathumba kaja?"

"Ndinakaiwala ku shedi," anatero osandiyang'ana.

3

Apongozi anapitirira kudwala. Kuchipatala ananena kalekale kuti ndi shuga ndi kuthamanga magazi, ndipo mapiritsi awo ankakawatengera ndi a Everson. Koma miyezi imeneyo ankabwerako chimanjamanja. "Akuti mankhwala atha, tidikire," ankatero. Miyendo inatupa mpaka kunyezimira, maso anayamba kuchita chifunga, ndipo mayi amene ankakwera chitunda cha Nthukwa atasenza thumba la makala anayamba kulephera kufika pachimbudzi.

Kenako zinthu zing'onozing'ono zinayamba kusintha. Mayi wina amene anatenga kachipewa kwa ine anakabweza kali m'pepala, akuti mwana akumalira akakavala. Ndikafika pampopi nkhani zinkaduka, anthu n'kusuntha ndowa zawo kuti zisakhudzane ndi yanga. Ndikapereka moni, ankayankha ndi mphuno.

Tsiku lina Thandie anabwera kuchokera kosewera nkhope itagwa.

"Amama, anzanga akuti ndisamadye nawo. Akuti inu mumauluka."

Ndinaseka mokweza kuti mwana asaone mantha anga. Madzulo ake ndinawauza a Everson.

"Anthu akuyankhula za kathumba kaja. Ndiloleni ndiuze ngakhale Tiyanjane yekha kuti n'ka madayisi."

"Mukufuna kundivula pagulu?" anafunsa mofatsa. "Zisiyeni, zitha zokha."

Chakudya changa anasiya kudya, akuti akusala kupempherera amayi. Ndinkaphika, iwo n'kukhala poteropo akuyang'ana mbale ngati muli njoka. Amayi a mpingo anamva za kusalako, n'kumati mwana wotere ndi wosowa.

Loweruka lina m'mawa ndinapeza akumuveka Thandie diresi la kutchalitchi, kachikwama kake kali kale pakhomo.

"Akupita kuti mwanayu?"

"Kwa azakhali ake a Joan, ku Chitawira. Akachezeko pang'ono, pano pali matenda."

"Osandiuza ine mayi wake?"

"Si ndikukuuzani apa?"

Thandie anandibayibitsa ali pamsewu, kachipewa kofiirira kamene ndinamulukira kali kumutu. Ndinaimirira pageti mpaka minibasi inakhota. Mtima unkandiuza kuti thamanga ukamutsitse, koma ndinaopa kuoneka wamisala. Ndinabwerera m'nyumba n'kukatenga shawelo ya Tiyanjane kuti manja apeze chochita.

4

Masana a tsiku lomwelo amayi a mpingo anabwera kudzapempherera apongozi. Anadzaza chipinda, ena anakhala pakhonde. Tinaimba nyimbo ziwiri, tinapemphera. Tikuti timwazikane, Tiyanjane anati, "Amayi, poti tilipo ambiri, tiyeni tiwanyamule agogowa, matilesi awa tiwayanike. Anyowa."

Tinawanyamula apongozi n'kuwakhazika pampando. Tiyanjane anatukula matilesi chakumutu, kenako anabwerera chafutambuyo atagwira pamimba.

Kanali pamenepo, pa thabwa la bedi. Kakuda, mizere yofiira, kotupa ngati chule.

Mayi wina wolimba mtima anakakoka ndi kamtengo, n'kukakhuthula pansi. Munatuluka tsitsi la imvi, zikhadabo, timizu touma, singano ya dzimbiri, ndi kachidutswa ka chitenje chimene apongozi ankakonda kuvala. 

"Chithumwa," wina ananong'ona.

"Eli," anatero Tiyanjane, "si kaja munkaluka pakhonde aka? Kaja munkati ndi zanu?"

Sindikanakana. Theka la amayi amenewo linandiona ndi maso.

"Ndinaluka ndine, koma si ka zimenezi. Dikirani bambo a Thandie, afotokoza okha."

Mbiri yoipa siyenda pansi. A Everson asanafike, pageti panali patadzaza kale anthu, ena oti sindinawaonepo chibadwire. Atalowa ndinawathamangira.

"Bambo a Thandie, auzeni. Chinsinsi chija chandipweteka, auzeni kuti n'ka madayisi anu."

Anayang'ana kathumbako, anayang'ana mayi awo, kenako ine.

"Madayisi?" anatero. "Ine? Mayi a Thandie, mwapha mayi anga pang'onopang'ono, ndiye mukufuna muphenso dzina langa?"

Anagwada pansi n'kuyamba kulira. Misozi yeniyeni, abale, yotsika mpaka m'khosi.  Mwamuna amene ndinagona naye mphasa imodzi zaka zonsezo ndinamuona koyamba tsiku limenelo.

"Ndinkaona zizindikiro," anauza amayiwo, "n'chifukwa chake ndinasiya kudya za m'manja mwake, n'chifukwa chake mwana ndamuchotsa. Thandie sangaleredwe ndi manja amenewa."

Mwala woyamba unagwa padenga. Wachiwiri unaswa windo la nyumba yathu. Kunja mnyamata wina ankafunsa ngati pali amene ali ndi petulo. Mayi wina wachikulire anandikankhira m'chipinda chamkati n'kukhoma chitseko, n'kuimbira foni amalume anga a Laurenti, nkhoswe yanga, amene amakhala ku Bangwe. Anabwera ndi galimoto ya mnzawo dzuwa lisanalowe, n'kunditulutsira kuseri atandifunditsa chitenje kumutu ngati wakuba.

 Nthawi yonseyo apongozi anangokhala pampando paja, maso ali pa kathumba.

5

Ku Bangwe amalume anandikhazika pansi.

"Eliness, undiuze ngati mwana wa mlongo wanga. Kathumbako unaluka ndiwe?"

"Ndine, amalume."

"Anthu atakufunsa unawauza kuti n'ka chiyani?"

"Ayi."

"Apongozi ako atakufunsa?"

"Ndinawanamiza."

"Pali wina amene anawaonapo madayisiwo, kupatula iwe?"

"Palibe."

Anapukusa mutu. "Ndiye tikanena chiyani kumeneko? Pa mwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi, banja likatha amatsata mayi. Zimenezo a Januario akuzidziwa bwinobwino. Koma palibe nkhoswe imene ingapereke mwana m'manja mwa munthu amene wagwidwa ndi chithumwa. Ngakhale ine pakamwa pangandilemere."

Pamenepo m'pamene ndinaona msampha wonse, kuyambira pa ulusi wakuda mpaka pakhonde. Mkulu wa mpingo sangasiye mkazi popanda chifukwa, ndipo akamusiya mwana amapita. Koma mkazi akakhala mfiti, bambo amatsala ndi udindo, ndi mwana, ndi chisoni cha mpingo wonse. Chimene sindinkamvetsa n'chakuti ndinamulakwira chiyani munthuyu. Ndinali ndi mkwiyo woti ndikanatha kutafuna mwala, koma mkwiyo si umboni.

Ndinaimbira a Joan ku Chitawira. Atamva mawu anga anati, "Musadzaimbenso." Foni isanaduke ndinamva Thandie chapatali akufunsa ngati ndi amama. Masiku amenewo sindinadye, sindinaluke. Manja anga ndinkawayang'ana ngati a munthu wina.

6

Ankhoswe anakumana m'mawa wa Loweruka lotsatira, pabalaza pa apongozi. Mayiwo anakana kutsala kuchipinda, anati awanyamule, mlanduwo ndi wa thupi lawo. Mbali ya kuchimuna kunali a Albert, amalume awo a Everson. Tiyanjane anaitanidwa ngati mboni, anakhala pafupi ndi chitseko. A Everson anavala jekete yawo ya Lamulungu, nkhope yachisoni, dzanja lamanja lili m'thumba la buluku. Kunja anthu anali ataunjikana m'mawindo.

A Albert anayankhula nthawi yaitali. Anati banja latha, anati mwana atsala kuchimuna kuti apulumuke, anati ine ndithokoze kuti sanandisiyire anyamata aja. Amalume anga anayesa kuyankha, koma mawu awo anali opanda mafupa. Pomaliza a Albert anatola kathumba kaja ndi kamtengo n'kukaponya patebulo.

"Umboni ndi uwu."

Kathumbako kanagwa mwakachetechete, poti ndi ulusi. Koma kampira ka kumapeto kwa chingwe kanamenya thabwa. Go.

Ndinamva kulira kumeneko m'mutu monse. Sabata yonse ya misozi ndinali nditaiwala chinthu chimene manja anga anachita okha. Kampira kotere sikalimba ndi ulusi wokha, m'kati umaikamo batani kapena mkanda. Tsiku limene ndinkamaliza kathumbako m'chitini mwanga munalibe batani la saizi yake. Munali chinthu china, chimene ndinauzidwa kuti ndikataye.

"Ndipatseni lezala," ndinatero.

"Musamupatse, akufuna kuchotsa mphamvu yake," anatero Tiyanjane.

"Mpatseni." Anali apongozi. Mawu awo oyamba chiyambire mlanduwo.

Ndinadula ulusi wa kampirako. Dayisi lobenthuka lija linagwa patebulo, n'kugubuduka, n'kukaima pafupi ndi a Albert.

"Ili anandipatsa ndi bambo a Thandie," ndinatero. "Anati ndikaliponye m'chimbudzi. Ine sinditaya kanthu."

A Everson anaseka pang'ono. "Dayisi angatole aliyense pamsewu. Ndiye chatsimikizika n'chiyani?"

"Ndipatseni kuno," anatero apongozi.

Maso awo anali ofooka, ndiye analiyendetsa ndi zala, mbali iyi, mbali iyo, mpaka chala chinaima pobenthuka paja. Nkhope yawo inasintha.

"Achimwene," anatero kwa a Albert, "mwaliiwala? La malemu bambo ake Everson ili. Anasema okha ku fupa la ng'ombe. Pobenthukapa ndinaswa ndine ndi munsi, tsiku limene anatchovera juga makina anga osokera. Anali atatu. Tsiku la maliro ndinati zinthu zimenezi zisatsale pakhomo panga, zipite nawo m'bokosi."

"Mayo, ndiye kuti anakafukula kumanda," anatero Tiyanjane.

M'mawindo anthu anang'ung'udza. Ndinamva wina akuti, "Mwamva? Mpaka kumanda." Ndinati basi, ndadzikumbira ndekha dzenje. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Apongozi anadikira phokoso lithe.

"Amene ndinamupatsa m'manja kuti akaike m'bokosi ndi Everson. Anabwera kudzandiuza kuti waika. Nthawi imeneyo mayi a Thandie tinali tisanawadziwe n'komwe." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Everson, chiyambire m'mawa dzanja lako lili m'thumba. Bambo ako ankachita chimodzimodzi akamandinamiza, ankawafumbata kuti asalire. Tulutsa dzanjalo."

"Amayi, mukudwala, simukudziwa chimene mukunena."

"Ndikudwala miyendo. Tulutsa dzanja, uimirire, uyende kufika pachitseko."

A Albert anamuyang'ana. "Mphwanga, tamvera mayi ako."

Anatulutsa dzanja lopanda kanthu. Anaimirira mosamala ngati wasenza mazira. Koma pabalazapo panali chete moti ukanamva nyerere ikuyenda, ndipo ataponya phazi loyamba tonse tinamva. Ko, ko, ko.

7

A Albert anapisa okha m'thumbamo. Anaika madayisi awiriwo patebulo pambali pa lobenthuka lija. Fupa limodzi, msomali umodzi. Amalume anga anapuma mpweya wautali.

Apongozi sanathere pomwepo.

"Tsitsi ili ndi langa, zikhadabo izi ndi zanga. Mwezi wathawu anandimeta ndani? Anandiwenga ndani?"

Maso onse anapita kuchitseko. Pamenepo ndi pamene panakhala Tiyanjane.

"Ndipo matilesi anga ali ndi ngodya zinayi," anapitiriza. "Unadziwa bwanji yoyambira kutukula, mwana iwe?"

Tiyanjane anayamba kulira, osayang'ana ine, osayang'ana apongozi, koma amuna anga.

"Munati sizidzadziwika. Munati akachoka mundilowetsa m'nyumba mwana asanabadwe. Ine a ku Joni aja ndikawauza chiyani, munthu sanabwere chaka chonse?"

Ndiye mwamva. Mimba imene ndinkaisisita pakhonde panga, imene ndinkaiphikira thobwa, inali ya amuna anga. Shawelo yoyera ija ndinkalukira mwana wa a Everson, usiku ndi usana, mwaulere. Ndinafuna kumulumphira, sindikubisirani. Amalume anandigwira paphewa, ndipo anachita bwino, chifukwa tsiku limenelo anthu akanaona ufiti weniweni.

A Everson anayamba zoti Satana anawanyenga, zoti munthu ndi wofooka. Palibe amene ankamvetsera. Apongozi anakweza dzanja, iwo n'kukhala chete.

"Funso limodzi lokha, mwana wanga." Anayankhula motsitsa kwambiri, moti a m'mawindo sanamve. "Kuti anthu akhulupirire kuti ndalodzedwa, pankafunika ndidwale kwambiri. Mapiritsi anga aja, unkati kuchipatala atha. Anathadi?"

A Everson anayang'ana pansi.

  Apongozi anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa za maliro amene ankawayembekezera.

"Achimwene," anatero kwa a Albert, "pitani ku Chitawira mukatenge mdzukulu wanga, mumupereke m'manja mwa mayi wake ine ndikuona. Lero lomwe. Ndipo tsegulani chitsekocho, a kunjawo amve pakamwa panga kuti ine ndikudwala shuga."

Thandie anafika masana. Anatsika minibasi kachipewa kofiirira kaja kali kumutu, n'kuthamanga kudzandikumbatira m'miyendo. Pamenepo m'pamene ndinalira, pamaso pa anthu omwe aja amene ankafunsa za petulo.

8

Pano ndimakhala ku Bangwe ndi mwana wanga. A Everson udindo anawachotsa, ndipo anasamuka ku Chilomoni, kumene ali sindifunsa. Tiyanjane anapita kwawo. Madayisi atatu aja apongozi anawasinja okha mumtondo, atakhala pampando, mpaka anasanduka ufa. Kuchipatala ndimawaperekeza ndine mwezi ndi mwezi, ndipo miyendo inaphwa. Za mwana wawo sitikambirana. Shawelo ija ndinaimasula yonse, ulusi wake ndinawalukira mayiwo masokosi a m'nyengo yozizira. Ndinakuuzani kale, sinditaya kanthu.

Koma musaganize kuti zonse zinabwerera m'malo. Dzina likagwa m'matope, ngakhale ulichape, fungo limatsalira. Ku Chilomoni alipo mpaka lero amene amati utsi sufuka popanda moto, ndipo sangaveke mwana wawo chipewa changa. Amene anaponya miyala palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzapepesa.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga, pa chinkhoswe amatilangiza kuti za m'nyumba sizituluka panja, mkazi wabwino amasunga chinsinsi cha mwamuna wake. Sindikutsutsa. Koma munthu akakusungitsani chinsinsi, n'kukuuzani kuti ntchito yake muigwirire poyera, dzifunseni kuti pakavuta amene aoneke ndi ndani. Ine ndinakhala chete chifukwa cha chikondi, ndipo kukhala chete kwangako ndi kumene kunali mboni yoyamba yondipachika. Ndinatsala pang'ono kutaya mwana chifukwa cha mawu awiri, "ndi zanga."

Mwezi wathawu Thandie anabwera ndi timiyala take ta phada m'manja.

"Amama, mundilukire kathumba koikamo, kokhala ndi kachingwe."

 Chichokereni ku Chilomoni ndinali ndisanalukenso kathumba ka mtundu uliwonse. Ndinafuna kukana, koma mwanayo anali akundiyang'ana, ndipo iye sanalakwe kanthu. Ndinasankha ulusi wachikasu, wowala ngati dzira, n'kukakhala pakhonde.

Mayi woyamba kudutsa anali woti sindimudziwa, atasenza dengu la tomato. Sanandifunse kanthu, sanandiyang'ane n'komwe.

"Mayi," ndinamuitana, "ndikuluka kathumba ka mwana wanga, koikamo miyala ya phada."

Anaima, n'kundiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

"Chabwino," anatero, n'kumapita.

Ndinauza aliyense amene anadutsa tsiku limenelo, mpaka kathumbako kanatha.